Mtanda Wofiira Pansi pa Laimu

Malemu anabadwa pa 9 Malichi 1931 m'mudzi uno, m'dera la Mfumu Kuntaja, ndipo makolo anawatcha Dyton Makwinja. Anali achiwiri m'banja la ana asanu ndi mmodzi. Ine amene ndaimirira pamaso panu, mafumu, abusa ndi anamalira nonse, ndine Yobu, mng'ono wawo. Abale andisankha kuti ndiwerenge mbiriyi chifukwa akuti ndili ndi mawu aakulu.

Sukulu anayamba mu 1940 kumishoni konkuno ku Chileka, ndipo anakhoza Sitandade 6 mu 1948. Mu 1951 anapita ku Zomba kukaphunzira ntchito yoyendera zaukhondo ndi nyumba. Pa 4 Ogasiti 1956 anamanga ukwati woyera ndi Mayi Modesta, amene akhala pafupi ndi bokosiwa. Anagwira ntchito ku Chikwawa ndi ku Mwanza, kenaka mu 1969 anawasamutsira ku Lirangwe.

Ntchito yawo inali yodanitsa. Ankayenda panjinga mudzi ndi mudzi, chingwe choyezera m'thumba, chitini cha penti yofiira pakaliyala, kuona zimbudzi, maenje a zinyalala, mabutchala ndi masitolo. Akamatulukira, abambo ankathawira kudimba, ana n'kumakuwa kuti Achimbudzi abwera. Dzinalo analilandira, ankangoseka. Ngakhale ine, wobadwa nawo bere limodzi, anandikumbitsa chimbudzi kawiri chifukwa choyambacho chinayandikira chitsime, ndipo ndinatha miyezi itatu osawalankhula. Nyumba ikafika poopsa, lamulo linali lakuti alembe notisi. Mwini wake akapanda kumva, ankajambula mtanda wofiira pakhoma, kuti ngakhale wosadziwa kuwerenga adziwe kuti pamenepo si pokhala.

Mu Novembala 1977 anapeza kuti khoma lakutsogolo kwa sitolo yaikulu ya pafupi ndi msika wa Lirangwe lang'aluka, mng'alu wake wolowa dzanja. Khomalo linamangidwa ndi dothi, ndipo mwini wake anawonjezerapo khonde lolemera popanda pulani. Dzina lawo sinditchula, nonse mukuwadziwa. Ndingonena kuti analinso wapampando wa nthambi ya chipani. Notisi yoyamba anapichirira fodya. Yachiwiri anakana kuilandira. Yachitatu itapita, kunyumba kwa malemu kunabwera achinyamata a chipanicho kudzafunsa khadi la chipani, ndiponso kuti wawatuma ndani kuti azichititsa manyazi atsogoleri. Pano ndinene poyera kuti achimwene sanali munthu woukira. Khadi ankagula chaka ndi chaka, ndipo la chaka chino lili m'thumba la jekete imene avala m'bokosimu.

Anayesa njira zonse. Kupolisi anawauza kuti pafunika chikalata cha kukhoti. Kukhoti anati pafunika kalata ya ku ofesi yawo. Ku ofesi, tsiku lililonse bwana anali kumsonkhano, ndipo mnzawo wina anawanong'oneza kuti khoswe akakhala pamkhate sapheka. Iwo anati mvula sidikira msonkhano. Lachinayi pa 12 Januwale 1978, dzuwa lili paliwombo, anthu ali piringupiringu pamsika, anatsegula chitini chawo n'kujambula mtanda wofiira pakhoma lija, waukulu ngati chitseko. Pakhondepo pankasokera telala, Bambo Amadi. Malemu anawathandiza kunyamula mashini awo kukaika pansi pa mtengo wa mango.

Kumapeto kwa mwezi womwewo kunabwera uthenga wakuti alendo akuluakulu otsikira pa Chileka adzadutsa pa Lirangwe pokayendera mbewu, choncho nyumba zonse za m'mbali mwa msewu zipakidwe laimu. Inu mukudziwa mmene timachitira, timapaka ndi miyala yomwe. Sitolo ija anaipaka kawiri, mng'alu anaumata ndi dothi, mtanda unakwiririka. Apa ndi pamene anthu analakwitsa. Anati poti laimu walamula ndi boma, ndiye kuti boma lafafaniza mtandawo, nyumba yachira. Bambo Amadi, mvula itawatopetsa pansi pa mtengo, anabwerera pakhonde.

Malemu anapitanso ndi penti yawo kuti akajambule kachiwiri. Anapeza achinyamata aja ataima pakhonde, ndipo achinyamatawo anawauza kuti wodetsa khoma lokonzera alendo wanyoza alendowo, ndipo wonyoza alendo amadziwa yekha kumene amakagona. Achimwene anali ndi ana anayi. Anadandaulira Bambo Amadi pakamwa kuti achokepo, kenaka anabwerera kunyumba chitini chili chitsekere. Sindibisa, anachita mantha, monga mmene ine ndi inu tikanachitira. Mantha a tsiku limodzi amenewo anawadya mpaka dzana.

Loweruka pa 18 Febuluwale, mvula itagwa masiku atatu osakata, khoma lija linagwa. Bambo Amadi anafera pomwepo, phazi lili pamashini, n'kusiya mkazi ndi ana asanu. Kutacha, ngolo zinatuta njerwa zonse, ndipo kumene zinakatayidwa sitikudziwa. Ku ofesi, faelo ya manotisi atatu aja inasowa. Pa 6 Malichi malemu analandira kalata yowaimitsa ntchito. Kalatayo inati sanachenjeze munthu aliyense, ndipo telala anafa chifukwa cha ulesi wawo. Munthu wa zaka makumi awiri ndi zisanu akupalasa njinga padzuwa, akuti ulesi.

Anachita apilo, ndipo komiti yofufuza inati abweretse mboni ziwiri zimene zinaona mtandawo. Ziwiri zokha. Anayambanso kuyenda khomo ndi khomo, tsopano osati kudzaona zimbudzi koma kudzapempha, chipewa chili m'manja. Wina anati maso ake saona patali. Wina anati penti yofiira ndi dothi lakatondo sasiyanitsa. Ambiri anati tsiku limenelo anali kumunda. Ine ndimadabwa, abale, kuti tsiku limenelo Lirangwe yense anali kumunda, nanga tomato pamsika ankagula ndani? Ndikanakhala kuti ndinalipo ndikanalumbira kakhumi, koma ndinali pantchito kubwalo la ndege, ndipo achimwene anakana kuti ndikaname. Komiti inakhala kanayi, kanayi konse benchi ya mboni inali yopanda munthu.

Kuyambira mu Julaye anayamba kudandaula mutu ndi kuthamanga kwa magazi. Chakudya ankangochitola ngati nkhuku yodwala chitopa. Chimene chinawapweteka koposa si ntchito ayi, koma tsiku limene mwana wawo Isaki anabwera kuchokera kusukulu akulira, anzake atamutcha mwana wa wopha telala. Akuchimuna amene anafunsira mwana wawo Ellen nawonso anasiya kubwera. Lachisanu pa 10 Novembala anagwa pakhomo, mbali yakumanja n'kufa ziwalo. Tinawatengera kuchipatala ku Lunzu, kumene madokotala ndi anamwino anayesetsa ndithu. Lilime linali litalemera, koma mawu amene tinkawamva mobwerezabwereza anali akuti tikapale laimu. Tikapale pati, khoma kulibe? Anatisiya Lachiwiri pa 14 Novembala 1978, ali ndi zaka 47.

Malemu asiya mkazi wawo Mayi Modesta, ana anayi, Ellen, Lois, Isaki ndi Loveness, ndi mdzukulu mmodzi. Asiyanso ine ndi alongo awo awiri. Tikuthokoza mafumu potipatsa malo ogoneka m'bale wathu, adzukulu amene alimbana ndi nthaka yamiyala chiyambire m'mawa, amayi amvano amene achezera nafe ndi nyimbo, anzanga a kubwalo la ndege amene anatipezera galimoto, ndi inu nonse a ku Lirangwe amene mwabwera ambiri chotere. Tikuthokozanso amayi a kwa malemu Amadi, amene afika ndi nkhuni pamutu ngakhale anauzidwa kuti amuna awo anaphedwa ndi munthu wa banja lino.

Ndatsala ndi pempho limodzi, ndipo ndikulipempha mogwada. Komiti ikhala komaliza Lolemba pa 20 Novembala. Akuti popanda mboni atseka nkhaniyi mmene kalata ija inalembera, ndipo dzina limenelo likhala pa ana awa mpaka adzakalambe. Mwambo wathu sulola namfedwa kuyenda ulendo tisanamete, koma alamu anga anena kuti apita, ndipo ife akubanja talephera kuwaletsa. Lolemba m'mawa, sikisi koloko, adzaima pasiteji ya basi pa Lirangwe ndi nsalu yawo yakuda. Sadzagogoda pakhomo la munthu, sadzatchula dzina la munthu. Adzangodikira mpaka basi ibwere. Muli pano anthu oposa mazana atatu, ndipo ife tikusowa awiri.

Achimwene Dyton Makwinja, ife tachita zimene tikanatha, zotsalazo zili m'manja mwa anthu amene akuzungulirani panowa. Mulungu amene anaona zonse akulandireni, ndipo mzimu wanu uuse mumtendere.