Zala Zitatu za a Nyirenda

Abale ndi alongo mwa Ambuye, landirani moni wanga. Ine ndine kalipentala wa ku Luangwa, kuno ku Kitwe, ndipo chaka chatha ndinatsala pang'ono kutaya dzanja langa lamanja.

Linali Lachiwiri cha m'ma 10 koloko, ndikucheka thabwa la mukwa pa sowo yamagetsi. Thabwalo linadumpha n'kukokera dzanja langa pamano a sowo. Poyamba sindinamve ululu, ndinangoona magazi pautuchi. Kuchipatala ku Ndola adokotala anandiuza kuti zala ziwiri zapita, ndipo bala likayamba kuwola adula dzanja lonse.

Masiku atatu thupi linatentha ngati mbaula. Nesi akamamasula bandeji ndinkayang'ana kukhoma, akatuluka ndinkanunkhiza dzanjalo mobisa kuti ndimve ngati layamba kuwola. Mkazi wanga akabwera ndinkadzilimbitsa, koma mantha ankandidya. Kalipentala wopanda dzanja angadyetse bwanji ana? Ngakhale kupemphera kunandikanika. Ndinkangoti, “Ambuye, dzanja langa.”

Tsiku lachinayi, nthawi yoona odwala, kunalowa bambo okalamba atatsamira ndodo. Anali a Nyirenda, amene anatiphunzitsa ukalipentala kusekondale. Tinali tisanaonane zaka zambirimbiri. Anamva za ngoziyo kutchalitchi kwawo ku Twapia, mu Ndola momwemo, kumene mlamu wanga anakandipempherera pagulu.

Nditawaona ndinakumbukira pensulo yawo yakukhutu, ndi mluzu wa nyimbo za kwaya umene ankaimba popala thabwa. Tsiku lina ndinathyola sowo ya sukulu. Ndinkayembekezera chikwapu, koma iwo anangondipatsa ina n'kuima pambali panga mpaka ndinamaliza kucheka. Dzanja lawo lamanzere linali ndi zala zitatu, zina zinatsala mumgodi asanakhale mphunzitsi. Ife ana tinkawaseka kumbali.

“Mwaice wandi, zatsala zingati?” anandifunsa, akunditchula mwana wawo m'Chibemba.

“Zitatu, aphunzitsi.”

“Ndiye tafanana. Madesiki onse munkakhalira aja anakhomedwa ndi zitatu zomwezi.”

Ndinalira ngati mwana. Anagwira mkono wanga wodwalawo ndi dzanja lawo lija, napemphera motsitsa mawu. Kutacha thupi linazizira, ndipo adokotala atayang'ana balalo anati lauma bwino, sadula.

Nditatuluka, mantha sanathe. Ndikangomva kulira kwa sowo, thukuta linkandituluka m'manja. A Nyirenda ankandiitana ku Twapia Loweruka lililonse, n'kundiphunzitsanso kugwira hamala ndi tchizulo ngati wa Giredi 8. Kampando koyamba kanatuluka kopendekeka. Anakhalapo, kanagwedera, tonse tinaseka. Lero ndabwerera pantchito, ndipo sabata yatha ndapereka zitseko zinayi ku Nkana West.

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero la mawu atatu okha. Inu amene mwagwidwa ndi mantha lero, musaleke kumuitana. Ngakhale mawu akuthereni, Iye amamva.