Matemba Omwazika pa Msewu wa ku Kachulu

Abale ndi alongo mwa Ambuye, landirani moni wanga kuchokera kuno kwa Kadewere. Amene mumandiona ndikutsimphina popita ku tchalitchi mwina mumati ndi ukalamba. Si ukalamba ayi. Mwendo uwu unathyoka pa ngozi ya njinga yamoto m'zaka za m'ma 1980, ndipo ndinatsala pang'ono kufera m'dzenje popanda wondiona. Lero ndati ndikuuzeni momwe Mulungu anandivuulira m'dzenjemo.

Masiku amenewo ndinali mlangizi wa zaulimi. Kuyambira ku Nguludi mpaka ku Nchema, ife a njinga zamoto tinali owerengeka, ndiye tinapanga kagulu kathu ka anthu asanu ndi awiri. Kamodzi pachaka, chimanga chikalowa m'nkhokwe, tinkapita limodzi ku doko la Kachulu kunyanja ya Chilwa, kunyamuka m'mawa n'kubwerako tsiku lomwelo. Ndimazisowa kwambiri nthawi zimenezo. Tikamadutsa mondondozana, anthu ankasiya makasu n'kumatiyang'ana, ife tikudzimva ngati nduna.

Gululi linali ndi lamulo limodzi lokha. Kutsogolo kunkakhala a Mulepa, mphunzitsi wamkulu, ndipo kumbuyo kwenikweni kunkakhala munthu amene tinkamutcha wotsekera. Wotsekera sankaloledwa kupitirira mnzake aliyense. Wina akaima, kaya tayala laphwa kaya wapita kuthengo, wotsekera ankaima naye mpaka anyamukire limodzi. Udindowu anandipatsa ine chifukwa ndinkayenda ndi masipanala, pampu ndi zigamba, ndipo ndinkaunyadira kwabasi.

Koma ine ndinabadwa wopupuluma, maso pa wotchi nthawi zonse. Ndiye pagulupo panali Che Jafali, Msilamu wa ku Nchema wogulitsa nsomba zouma, munthu wofatsa mpaka kukwiyitsa. Pakaliyala ankamanga kamkeka ndi kaketulo ka madzi, ndipo nthawi ya swala, pemphero lawo lija, ikakwana, ankangokhotera pambali osafunsa munthu. Amene ankaotha dzuwa powadikira ndinali ine. Ndinkawaseka kuti njinga yawo imamwa mapemphero ambiri kuposa petulo, iwo n'kumangomwetulira.

Tsikulo kunyanja kunakoma ngati masiku onse. Asodzi ankakankha mabwato ndi nsungwi zazitali, chilumba cha Chisi chikuoneka patali, matemba atayanikidwa mbwee m'mphasa. Tinadya milamba yowotcha ndi chinangwa, a Mulepa anatitimira m'matope mpaka m'maondo monga ankachitira chaka chilichonse, tonse n'kuseka mpaka kugwira nthiti. Che Jafali ndiwo ankatisankhira matemba opita nawo kunyumba. Ankatapa pang'ono, kununkhiza, n'kugwedeza mutu kapena kupitirira. Anga anandimangira okha m'kathumba pakaliyala.

Pobwerera, dzuwa litapendeka, Che Jafali anakhotera pansi pa mtengo wa mango n'kuyamba kumasula kamkeka kaja. Ndinaima, koma injini sindinazimitse. Ndinkaona fumbi la anzanga likutha kutsogolo ndipo mtima unanditentha. Ndinadziuza kuti njira akuidziwa, si mwana. Ndinaimba hutala kamodzi n'kuwasiya akusamba m'manja.

Ndinaithamangitsa njingayo kuti ndiwapeze anzanga. Pa kona ina yamchenga, pafupi ndi kamlatho, tayala lakutsogolo linaterereka, ndipo chimene ndinazindikira n'chakuti ndili pansi m'dzenje la mabango, njinga itandipsinja mwendo. Fupa linali litatulukira pansi pa bondo, magazi akungotuluka. Ndinayesa kukuwa koma mawu sankapita patali. Lole ina inadutsa pamwamba panga, fumbi lake n'kundigwera kumaso, osaima.

Apa m'pamene mantha enieni anandigwira. Anzanga kutsogolo sakanabwerera, chifukwa wotsekera akachedwa aliyense amadziwa kuti akuthandiza wina. Munthu wondiyang'anira ine panalibe, popeza kumbuyo kwa wotsekera sikukhala munthu. Ndinaganiza za mayi a kunyumba ndi ana athu anayi akudikira matemba. Ndinayamba pemphero la Atate Athu koma linandithawa pakati, ndiye ndinangonena zimene zinali mumtima: "Ambuye, ine ndasiya munthu panjira. Inu musandisiye."

Patapita nthawi ndinamva njinga ikubwera. Inafika pa kamlatho, inadutsa, phokoso lake n'kuyamba kuzimirira. Ndinalira ngati mwana, abale, chifukwa ndinadziwa kuti ameneyo anali womaliza. Kenako phokoso lija linasintha. Njingayo inali kubwerera pang'onopang'ono.

Che Jafali anadzandiuza pambuyo pake kuti sanaone ine kapena njinga yanga. Anaona matemba atamwazika mumchenga pa kona paja, ndipo wogulitsa nsomba sangadutse nsomba zotayika mtima osamupweteka. Atayenda pang'ono anakumbukira kuti matemba akuluakulu otere anawasankha okha tsiku lomwelo. Atabwerera anapeza kathumba kong'ambika, ndi mzere wa tayala wolowera kumabango.

Anatsetsereka m'dzenjemo n'kuichotsa njinga pamwendo panga. "Alangizi, musatseke maso, muziyang'ana ine," anatero. Anamasula lamba wa chubu pakaliyala n'kundimanga pantchafu kuti magazi aleke. Kenako anatenga kamkeka kaja, kamene sankalola munthu kukaponda ndi nsapato, n'kukulunga mwendo wanga wamagaziwo pamodzi ndi timitengo tiwiri. Madzi otsala m'kaketulo kaja, amene ndinkawaseka nawo, ndi amene ananyowetsa milomo yanga. Atatero anakaima pakati pa msewu manja ali m'mwamba mpaka lole ya nsomba inaima. Njinga yawo anaisiya pakhomo pa anthu osawadziwa, n'kukhala nane pamwamba pa madengu mpaka ku chipatala ku Zomba. Adokotala anati tikanachedwa pang'ono, anthu akanangomva za maliro.

Ndinagona m'chipatalamo miyezi itatu. Anzanga onse ankaganiza kuti tinali limodzi, ine n'kungotsogola pang'ono, chifukwa Che Jafali sanauze aliyense kuti ndinawathawa. Tsiku lina atabwera kudzandiona ndinawagwira dzanja n'kupepesa, misozi ili m'maso. Iwo anaseka pang'ono n'kunena kuti, "Achimwene, inu munataya ntchito yanu panjira, ndiye Mulungu anaitola n'kundipatsa ine. Tsiku limenelo wotsekera ndinali ine."

Ulendo wa ku Kachulu ndinapitanso kawiri mwendo utapola, ndipo swala ikakwana ndinkazimitsa injini, kuvula chipewa, n'kupemphera nanenso chapatali. Lero gulu lija linatha, njinga zinagulitsidwa, ndipo Che Jafali tinawaika m'manda kwawo ku Nchema. Ndikamva fungo la matemba pamsika ndimawakumbuka, mtima n'kuwawa.

Ndikuthokoza Mulungu amene sanandibwezere monga mwa zochita zanga. Inu amene muli m'dzenje lanu lero, kaya ndi matenda kaya ndi chiyani, ndipo mukuona ngati onse anapita kutsogolo, musaleke kupemphera ngakhale mawu atakuthawani. Ine ndinkakhulupirira kuti kumbuyo kwanga kulibe munthu, koma munthu amene ndinamusiya akupemphera ndi amene Ambuye anali atandisungira.