Buku Lomangidwa ndi Ulusi

Loweruka m'mawa pa siteji ya basi, bambo wina anayamba kucheza ndi mayi amene anakhala naye pa benchi. Mayiyo anafumbata buku.

"Mayi, masamba akumapetowo mwawamangiranji ndi ulusi?"

"Ndi lamulo la gulu lathu, bambo. Buku timawerengera kunyumba, Loweruka n'kumayenda wapansi tikukambirana. Koma mutu womaliza timakaumasula tonse pamodzi, pamwamba pa phiri."

"Palibe amene amasuzumira?"

"Tonse tinkasuzumira, kupatula amuna anga, mwini bukuli. Mabuku anayi a nyengo yozizira ino anasankha ndi iwowo, ndipo ili ndi loyamba. Ali m'chipatala ndinawapempha kuti ndidule ulusi ndiwawerengere. Anakana, amvekere tikawerengera kuphiri. Tinawaika m'manda mwezi watha."

"Pepani kwambiri. Nanga anzanuwo ali kuti?"

"Tinalipo khumi ndi awiri. Ena maondo anawakana, ena anasamuka, ena foni sayankhanso. Timakumana pompano seveni koloko."

"Komatu ino ndi naini, mayi."

"Ndikudziwa."

"Bwanji osangodula ulusiwo n'kuwerenga nokha?"

"Mfundo imeneyi anamanga ndi manja awo, bambo. Basi yanu ndi iyo, kwerani."