Motoka Imene Ndinaisiya Mumchenga

A Busa athu, akulu a mpingo, amayi a chigwirizano, abale ndi alongo nonse, ndikupatsani moni m'dzina la Ambuye. Ndikufuna kuchitira umboni. Mawu akandithawa pakamwa mundipirire, chifukwa nkhani iyi sindinaikambepo pagulu.

Ambiri mundidziwa. Ndine uja wa kamotoka koyera kolira ngati chigayo, kamene mumakamva kali kutali n'kuyamba kuchotsa ana pamsewu. Mumati ndi motoka yanga, koma zoona zake anagula ndi akazi anga, amake Tereza. Ine ndinali chabe wogwira chiwongolero. Mutu wa malonda unali wawo. Ankagula nsomba kwa asodzi a ku Kavalamanja, kuziumitsa, ndiye ife awiri n'kukwera nazo kumidzi ya ku Mburuma kukasinthitsa ndi chimanga. Zaka zonsezo tinkayenda awiri, iwo kulankhula, ine kuyendetsa.

Tsiku limenelo kunali dzuwa lija la Okutobala, lija mumalidziwa, loti ngakhale mbuzi imakana kuchoka pamthunzi. Tinali kubwerera, matumba a chimanga ali kumbuyo. Amake Tereza anandiuza kuti mutu ukuwawa kwambiri. Posakhalitsa anati dzanja limodzi sakulimva. Kenako mawu anayamba kupotoka, ndikuwayang'ana pakamwa koma osamva chimene akunena.

Abale, kuchokera pamenepo m'mutu mwanga munazima. Chimene ndinakumbukira pambuyo pake n'chakuti ndakhala pakhonde la chipatala, malaya ali chonyowa, nesi wagwada patsogolo panga akundiuza kuti amayi atisiya. Anati tinabwera pa lole. Dalaivala wake anandipeza m'mphepete mwa msewu wa tala nditabereka akazi anga kumsana, anatitsitsa pachipatala, iye n'kupitiriza ulendo wake wa ku Lusaka. Dzina lake palibe analifunsa.

Pamaliro panafunika motoka yotuta nkhuni ndi madzi. Alamu anga, mlongo wawo wa malemu amene amakhala kutsidya ku Zumbo, anabwera pamene ndinakhala n'kundifunsa chapansipansi kuti motoka ili kuti. Ndinapisa m'thumba, kiyi alimo. Ndinamuyang'ana kiyi uja, ndinawayang'ana alamu. Sindinadziwe. Amayi inu, sindinadziwe. Munthu wamkulu ndi ndevu zanga, kuiwala kumene ndasiya motoka ngati ndi chipewa.

Abale a mumpingo muno anapalasa njinga msewu wonse wa ku Mburuma, kupita ndi kubwera, osaona kanthu. Mulungu akudalitseni, miyendo yanu inavutika. Koma motoka si nkhuku yoti ingalowe pachitsamba, choncho anthu anayamba kulankhula. Ena amati ndinaigulitsa msangamsanga kuti akuchikazi asaione. Ena amati mutu wanga wasokonekera. Ena ananena zoipa kuposa apo, zoti ndinapereka mkazi kuti ndilemere. Musagwetse nkhope, sindinabwere kudzatchula munthu. Ndikanakhala ine kumbali yanu, mwina ndikananena zomwezo.

Maliro atatha alamu anandikhazika pansi. Sanakalipe, ndipo zikanakhala bwino akanakalipa. Anati pali ziwiri: kaya ndikunama, kaya ndikudwala mutu. Wabodza sangalere ana a mlongo wawo, wodwala mutu sangalerenso. Anandipatsa mwezi umodzi. Tsiku logawa zovala za malemu likafika motoka isanaoneke, Tereza ndi mlongo wake wamng'ono adzakwera nawo bwato kupita ku Zumbo. Inu mukudziwa mwambo wathu, ana ndi a kwa mayi. 

Mwezi umenewo sindiufunira munthu aliyense. Ndinkadzuka m'mawa, kukhala pa mpando, kutseka maso n'kuyamba ulendo uja m'mutu. Tanyamuka pamudzi. Tadutsa pa mjigo. Tadutsa pa mlambe. Amake Tereza agwira mutu. Basi, mdima. Mawa lake chimodzimodzi, kufika pomwepo, mdima. Tereza ankandibweretsera madzi osamba n'kuima pakhomo, koma ndinaona kuti wayamba kupinda zovala zake ndi za mlongo wake n'kuziika m'chikwama. Mwana wa zaka khumi ndi ziwiri kudzikonzekeretsa yekha. Chimenecho chinandipweteka kuposa mawu onse a anthu.

Ndinapemphera. Ndinati Ambuye, motoka sindiifuna, itengeni, ndibwezereni chabe mutu wanga kuti ana asaoloke. Koma pano ndili m'nyumba ya Mulungu, ndinene zoona. Pakamwa ndinkapempha kukumbukira, mumtima ndinkaopa. China chake chinkandiuza kuti kuseri kwa mdima uja kuli chinthu chimene sindidzatha kuchisenza.

Kutatsala masiku anayi, kunabwera mayi wina wa mpingo wathu wa ku Mburuma kudzaona a Busa. Anati kuthengo kwawo, mu kamtsinje kouma, muli motoka yoyera yakhala mwezi wathunthu. A Busa anamufunsa chifukwa chake sananene kale. Mverani yankho lake, abale. Kumeneko n'kumene anthu amawotcha malasha, makala aja, ndipo ena amatchera tinyama. Ataona motoka yoyera yaima phee m'thengo, onse anati ndi agemu, aja oyang'anira nyama zakutchire, abisala kuti agwire anthu. Anasiya njira imeneyo, anasiya ndi uvuni zawo zikufuka, n'kuuzana kuti aliyense atseke pakamwa. Abale athu a njinga aja atafunsa za motoka yoyera, anthu anayesa ndi akazitape, aliyense n'kumati sitinaone. Mwezi wathunthu mudzi wonse kuthawa motoka yopanda munthu. Sekani, palibe mlandu, inenso ndinaseka ndikulira.

Mayi uja mbuzi zake zinasochera n'kulowera komweko. Anazitsata mwamantha. Atayandikira anaona chitseko chili chotsegula, ndipo pachitsekopo papachikika chitenje cha chigwirizano, chonga chimene mwavala amayi inu. Anati mumtima mwake, agemu savala chitenje cha chigwirizano.

Tinapita anayi: a Busa, alamu, mayi uja ndi ine. A Busa ali apa, ngati ndinama andikhazike pansi. Titadutsa pa mlambe uja, mayi analoza kanjira ka malasha kopatukira kumanzere. Nditangokaona, ndinakazindikira. Zonse zinabwera nthawi imodzi. Ndine ndinakhotera mmenemo. Ndinafuna kudula njira kuti tifike msanga kuchipatala. Ndipo pamene ndinkakhota, amake Tereza anandigwira mkono ndi dzanja lawo lija linali kugwirabe ntchito, akuyesa kunena chinachake. Ankaidziwa njira imeneyo. Anali atandiuzapo kale kuti mchenga wa mu kamtsinje kaja umameza matayala. Anandiletsa, abale, anandiletsa, ine osamva.

Tinaipeza. Matayala onse anayi anali atalowa mpaka pakati. Matumba a chimanga ndinali nditawataya pansi kuti ipepuke, anyani anadya n'kusiya masaka okhaokha. Pansi pa tayala lililonse panali dzenje, muli nthambi ndi miyala. Alamu anaizungulira kawiri. Anasuzumira kumbuyo kufuna khasu kapena fosholo, sanapeze. Kenako anabwera n'kutenga manja anga, kuwatembenuza. Zikhadabo zinali zisanamere bwino. Ine mwini mwezi wonse ndinkaziyang'ana osadziwa chinazichotsa.

Anafunsa mayi uja kuti kuchokera apa kufika pa tala ndi mtunda wotani. Iye anati munthu wopanda katundu akanyamuka dzuwa lili pamutu, amafika litapendeka.

Pamenepo ndinagwada mumchenga. Ndinati, "Alamu, motoka sindinagulitse, mwaiona. Koma mlandu wanga ndi waukulu kuposa umenewo. Ndine ndinakhota, iwo akundiletsa. Ndikanatsata msewu, mwina lero ali moyo. Ngati mutenga ana, tengani chifukwa cha ichi."

Alamu anatembenuka. Anapita kuchitseko, anachotsa chitenje chija, anachikutumula fumbi n'kuchipinda bwinobwino. Ndinaona mapewa awo akugwedezeka. Kenako anati, "Mwezi wonse ndakhala ndikuganiza kuti mlongo wanga anafera pansi ngati mbuzi, mwamuna wake ali kalikiliki ndi motoka. Kani anafera pamsana panu. Imirirani, alamu. Ana akhale ndi atate awo."

Abale, sindinaime pano kuti ndikuuzeni kuti zonse zatha. Sizinathe. M'mawa uliwonse ndimadzuka ndikudziwa kuti ndinakhota, ndipo dzanja lija ndimalimvabe pamkono apa. A dokotala anandiuza kuti matenda aja ngakhale tikanafika msanga mwina sakanachira, koma mawu akuti mwina sagonetsa munthu tulo. Mulungu anandibwezera mutu wanga pamodzi ndi katundu wake yense. Kale ndinali munthu wosadziwa kumene anasiya motoka, anthu akundiloza zala. Lero ndikudziwa kumene ndinaisiya, ndikudziwa chimene ndinachita, ndipo Ambuye sanandisiye ndekha mumchenga muja. Anatuma mbuzi za mayi wosauka kuti zikandiombole.

Ndikuthokoza a Busa, ndikuthokoza inu a njinga, ndikuthokoza mayi wa ku Mburuma, ndi alamu anga amene akanatha kundiweruza koma anandidzutsa. Koposa onse ndikuthokoza Mulungu.

Tereza, mwanangu, imirira. Mugwire dzanja mlongo wako, imirirani nonse awiri anthu akuoneni. Mpingo wa Ambuye, ine kuimba sindingathe lero. Ndiimbireni ndinu, amayi ululuzani m'malo mwa amake Tereza amene kulibe, kondwerani nane. Ana awa sanaoloke, agona m'nyumba ya atate awo. Ameni.