Mutu Wachinayi

Pa siteji ya basi, mayi wina anali atakumbatira chibuku chokhuthala. Bambo amene anakhala naye pa benchi anachisuzumira.

"Mayi, chibuku chonsechi n'cha mayeso?"

"Ayi bambo, ndi mbiri ya mpingo woyamba. Akuluakulu a kutchalitchi kwathu andiletsa kuphunzitsa, ati chiyambire mkazi saima kutsogolo. Lero andiitana kubwalo."

"Ndiye bukulo likuti chiyani?"

"Wolembayu penapake amazungulira, koma mutu wachinayi wandilimbitsa mtima. Akazi ankasonkhanitsa mipingo m'nyumba zawo, ena mpaka kuphedwa."

"Nanga akakuchotsani mumpingo?"

"Andichotse, koma ayambe amva mutu wonsewo. Ndikawawerengera ndekha."

"Bambo akunyumba akuti bwanji?"

"Iwowo ndiye wapampando wa bwalolo. Basi yafika, tiyeni."