Waya wa batire umene unanditchulitsa mbava

Abale ndi alongo mwa Ambuye, landirani moni wanga. Mundikhululukire kuti munthu ngati ine, wolekezera sukulu fomu 2 kwathu ku Maganga, ndalimba mtima kulemba. Abusa ndiwo anandiuza kuti zimene Mulungu wandichitira ndisazibise. Ndine Limbani, ndipo kwa miyezi itatu ndinatchedwa mbava pa chinthu chimene sindinabe.

Ndinkagwira ntchito yotsuka magalimoto ndi kusesa pa loji ina ku Senga Bay. Bwana wanga, a Mwale, anagula galimoto yatsopano yokatengera alendo ku Lilongwe. Inkalira ndi batani, ndipo kutsogolo inali ndi galasi looneka ngati foni yaikulu. Ndinkaisamala kwambiri chifukwa ndinkafuna kuti abwana andione kuti ndine wodalirika.

Malume anga ankayendetsa matola pakati pa Salima ndi Lifuwu, ndipo anandiphunzitsa lamulo limodzi: galimoto ikakhala masiku osayenda, umasule waya wa batire, apo ayi udzakankha. Kwathu aliyense amatero.

Tsiku lina masana, m'nyengo ya mwera, abwana anapita kumaliro kwa masiku awiri pa galimoto ina. Ndikupukuta yatsopanoyo, ndinaona galasi lija likuyaka, injini ili chete. Kamzere kobiriwira kankayenda pang'onopang'ono, pansi pake pali timawu ta Chingerezi timene sindinatimvetse. Mtima unandiuza kuti batire likutha. Ndinatsegula boneti, ndinatenga sipanala n'kumasula waya. Ndinachokapo ndikudziyamikira.

Abwana atabwera ndinabwezera waya uja, koma galimoto sinalire. Anaitana makaniko wa ku Chipoka, analephera. Wachiwiri anangoyang'ana n'kunena kuti wina waseweretsa kompyuta yake, poti mbava za masiku ano sizithyola chitseko, zimalowa ndi laputopu. A Yusufu, alonda athu, atafunsidwa ananena zoona, kuti anandiona nditatsegula boneti. Sindiwadandaula.

Ndinagwada n'kufotokoza zonse. Abwana anati, "Iwe, galimoto yotere ungaimasule batire ngati ya matola? Wakutuma ndani? Anzakowo ali kuti?" Ndinalibe yankho lina koma lomwelo, ndipo lomwelo linkamveka ngati bodza.

Anandipereka kupolisi, ndipo ndinagona m'chitokosi masiku atatu. Ananditulutsa pa belo, Lachisanu lililonse ndizikaonekera kupolisi. Ntchito inatha. Kumudzi mbiri inafika ine ndisanafike. Kukwaya anandipempha kuti ndiyambe ndapuma. Ndikamadutsa pa golosale, anyamata ankakuwa kuti, "Bisani mafoni, injiniya wafika!" Chimene chinandipweteka koposa ndi amayi anga. Anasiya kupita kuchigayo masana chifukwa cha maso a anthu, ndipo anaonda ine ndikuona. Bambo anatisiya kalekale, cholowa chathu chinali dzina labwino basi, ndipo ine ndinali nditalitaya ndi sipanala imodzi.

Ndinayamba ganyu woumba njerwa ku Lifuwu. Sindibisa, kupemphera ndinasiya. Masiku ena ndinkayang'ana nyanja n'kumaganiza zimene mwana wa Mulungu sayenera kuganiza. Koma amayi sanasiye. M'mawa uliwonse ndinkawamva akuti, "Ambuye, mboni ya mwana wanga ndi galimoto, ndipo ilibe pakamwa. Inu amene munalankhulitsapo bulu, ilankhulitseni." Ine ndinkangoti chisoni chawasokoneza mutu.

Mwezi wa Okutobala utayamba, a Yusufu anandipeza pa njerwa ali pa njinga. Anati ku loji kwabwera mayi wina wa ku Lilongwe wodziwa makompyuta a galimoto, ndipo wakana kupitiriza ntchito mpaka aone amene anaigwira komaliza. Ndinakwera njingayo matope ali m'manja.

Mayiyo, a Kamwendo, anali atalumikiza laputopu pansi pa chiwongolero. Sanandikalipire. Anangofunsa kuti, "Achimwene, pagalasipo munaonapo chiyani?" Nditatchula kamzere kobiriwira, anatembenuza laputopu kuti abwana aone.

Zimene anafotokoza ndizilemba mmene ndinazimvera. Galimoto zamakono zimayendetsedwa ndi mapulogalamu, ndipo opanga amatumiza atsopano kudzera pa intaneti, monga zimachitikira ndi foni. Mayiko ambiri, kuphatikizapo kumene galimotoyo inapangidwa, anagwirizana malamulo a zimenezi. Opanga ayenera kuteteza galimoto kwa anthu ofuna kuilowerera, ayenera kusunga mbiri ya mapulogalamu ake, ndiponso ayenera kudziwitsa mwini wake asanasinthe kanthu. Kusinthako kukadukira panjira, galimoto iyenera kubwerera ku pulogalamu yakale kapena kudziika pamalo poti singavulaze munthu. Yathu inadzitseka.

Kenako anawerenga zimene galimoto inasunga. Pulogalamu inachokera kwa opanga enieni, kudzera pa intaneti ya pa loji. Ili pakati, magetsi a batire anaduka, tsiku lomwelo ndi masana omwewo amene ine ndinanena. Panalibe chizindikiro choti mlendo analowamo. A Kamwendo anapempha foni ya abwana, ndipo uthenga wa opanga unalimo, wochenjeza kuti batire lisakhudzidwe mpaka ntchito ithe. Abwana anauvomereza ali paulendo wa kumaliro osauwerenga wonse, ndipo sanauze aliyense.

"Mnyamatayu analakwitsa, koma sanabe," anatero a Kamwendo. Patapita maola awiri galimoto inalira. Ine ndinakhala pansi pa mchenga n'kulira nayo.

Abale, malamulo amenewo analembedwa kutali ndi anthu amene sadziwa kuti kuli Maganga, koma Mulungu anawagwiritsa ntchito kuyankha pemphero la mayi wosadziwa kuwerenga. Kulakwa kwanga sindikukana. Ndinachita chinthu osafunsa chifukwa chofuna kuyamikiridwa, ndipo nzeru ya malume, imene ili yabwino pa galimoto zawo, inandipweteka pa iyi. Anzanga otsuka magalimoto, galasi likamayaka musakhudze batire, funsani. Inu amene mukunamiziridwa, musasinthe mawu anu ngakhale akukusekani. Ndipo ngati mphamvu yopemphera yakutherani, musanyoze amene akukupemphererani.

Sizinabwerere zonse. Amayi thupi silinabwerebe, ndipo ena amanditchabe injiniya. Koma mlandu unathetsedwa, ntchito ndinabwerera, ndipo ndikuthokoza Mulungu, a Kamwendo, ndi a Yusufu amene anapalasa njinga kudzanditenga.

Abwana anabwera okha kumudzi pa galimoto yomweyo, anthu onse akuona. Anavula chipewa, anakhala pa mphasa, n'kuuza amayi kuti, "Mayi, mwana wanu si wakuba. Ndinalakwa ndine." Amayi anadzuka, anasenza thumba la chimanga n'kupita kuchigayo dzuwa lili pamutu. Linali tsiku la anakubala, pa 15 Okutobala.