Nthanga za Bambo Sindigula

Olemekezeka a Wapampando a mwambo uno, olemekezeka Mkulu wa malo ano a kafukufuku wa zaulimi pamodzi ndi achiwiri anu, olemekezeka abwenzi athu ochokera kunja amene mwatigwira mkono pomanga nyumbayi, atsogoleri a mipingo, alangizi a zaulimi, aphunzitsi ndi ophunzira, atolankhani, ndi inu alimi amene mwakhala kumbuyoko dzuwa likukuwombani pamene ife tili pamthunzi, amayi ndi abambo, ndikupatsani moni nonse.

Mundilole ndiyankhule nditagwirira tebuloli. Mawondo angawa anapuma pantchito ine mwini ndisanapume.

Ndikuthokoza amisiri amene amanga nyumba yosungiramo mbewuyi, ndikuthokoza amene aikamo mafiriji akuluakulu aja, ndiponso ndikuthokoza a ku ofesi amene anandilembera mawu okongola, masamba asanu, kuti ndikuwerengereni lero. Ndawawerenga kunyumba. Mulibe bodza m'menemo. Koma ndatopa, abale anga, ndipo munthu wotopa sachedwa ndi mawu okongola. Mapepalawo ndawaika apa. M'chikwama changamu muli kanthu kamene si kanga, ndipo pakati panu pali munthu amene ndakhala ndikumuthawa kwa zaka makumi awiri ndi ziwiri. Sindichoka pano nkhani imeneyi isanathe.

Aka n'kachitatu kuona nyumba yotere ikutsegulidwa pamalo ano. Poyamba ndinali mtsikana wonyamula sizasi pambale. Kachiwiri ndinali woyang'anira mbewu, nditaima pambali pa mlendo wolemekezeka, ndikuomba m'manja. Lero sizasi apatsa ine. Nyumba yoyamba ija mwaidutsa polowa, ndi ija mukusungiramo mipando yothyoka ndi matayala. Yachiwiri ija muli nkhunda. Musaseke kwambiri, a Wapampando, nazonso tinazitsegula ndi nyimbo.

Pazaka zanga zantchito ndinayenda m'misonkhano ya m'mayiko ambiri, ndipo kulikonse nyimbo inali imodzi. Wina amati kwawo nkhalango yasanduka minda ya mbewu imodzi kuchokera kuno mpaka kumene maso alekezera. Wina amati kwawo asodzi akubwerera ndi maukonde opepuka. Wina amati achule aleka kulira m'madambo, poti madambowo tinawakwirira n'kumangapo nyumba. Tadula, tatentha, tapopera mankhwala opha chabwino ndi choipa chomwe, tatayira zinyalala m'mitsinje, ndipo nyengo nayo yatitembenukira. Zotsatira zake simufunika kukwera ndege kuti muzione. Njuchi zikachepa, duwa limangogwa osabereka. Mbalame zikachoka, mbozi zimalowa ufumu. Aliyense akadzala mbewu ya mtundu umodzi, matenda amodzi amagwetsa njala dera lonse. Tinkamva zonsezi, n'kuomba m'manja, n'kumwa tiyi, n'kubwerera kwathu. Pamisonkhano ponsepo wolakwa ankakhala munthu wina amene sanabwere. Lero ndikuuzani za wolakwa amene wabwera.

Zaka makumi anayi ndi chimodzi zapitazo, ntchito yanga inali yoyenda kwa alimi kutolera mbewu zamakolo zisanathe. Zinkatha chifukwa cha ife tomwe. Anzanga a ofesi yoyandikana ndi yanga ankayenda m'minda yomweyo kuuza anthu kuti asiye zakale, adzale zamakono. Dzanja lamanja linkatolera, lamanzere likufafaniza, ndipo masana tinkadyera pa tebulo limodzi.

Ndinafika kwa mkulu wina amene anthu ankamutchula kuti Bambo Sindigula, chifukwa chibadwire sanagulepo mbewu m'sitolo. Anali ndi dzungu lina laling'ono, lotuwa, la khosi lopindika, chikopa chake cholimba ngati cha mphonda. Iye ankalitcha kapirira. Mvula ikadula, maungu ena onse ankafota, ilo n'kubereka. Ukaliika pakona m'nyumba linkatha chaka osaola. Ndinapempha nthanga zake. Anayang'ana mabotolo anga nthawi yaitali, ndiye anati, "Mwana wanga, mbewu sasunga m'botolo. Mbewu amasunga m'nthaka."

Ine ndi sukulu yanga ndinamufotokozera za firiji, za kuumitsa, za manambala. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza. Kenako anandithirira nthanga zodzaza manja awiri, nati, "Chabwino. Koma mumve bwino. Sindinakupatseni, ndakubwerekani. Tsiku limene ana anga adzazifune, mudzawabwezere." Ndinalonjeza, ndipo ndinalonjeza mosavuta. Pabotolo ndinalembapo nambala 412.

Inu ophunzira, imvani lamulo la ntchito imeneyi, pakuti ndi lalifupi. Mbewu ya m'botolo ndi yamoyo, ndipo chamoyo chimakalamba. Pakapita zaka zingapo uyenera kuitulutsa, kuidzala, kukolola yatsopano, n'kubwezeramo. Lamuloli ndinkalidziwa, ndinkaliphunzitsanso ena. Koma chaka china munda wathu unaperekedwa ku kafukufuku wa mbewu zamakono, ndinati chaka chamawa. Chaka china magetsi ankazimazima, firiji n'kumatentha ngati kabati wamba, ndinati chaka chamawa. Chaka china ndinali kumisonkhano ija. Chimene sitinkaphonya ndi kupukuta mabotolo. Alendo akabwera ndinkawayendetsa m'mashelefu, mabotolo mazana asanu ndi limodzi akunyezimira, iwo n'kumagwedeza mitu. Chinali chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

M'nyumbamo munali mayi wina wosesa, tinkamutchula kuti Mayi Tsache. Akuluakulu ena pano mukuwakumbukira, ankayimba akamakolopa. Tsiku lina, chaka choyamba chomwecho, ndinawapeza akumanga kanthu pamfundo ya nsalu yawo. Ndinawauza kuti amasule. Zinali nthanga zimene zinagwa pansi pamene tinkathira m'mabotolo.

"Madamu," anatero, "ine ndimayesa zogwa pansi n'zanga, poti wosesa ndine."

Sindinaseke. Ndinali wamng'ono, udindo unali utandilowa m'mutu. Ndinawalanda nthangazo, ndinawalembera kalata yowachenjeza kuti akadzabwerezanso kuba katundu wa pantchito adzachotsedwa. Iwo sankatha kuwerenga, ndiye anandipempha kuti ndiwawerengere. Ndinawawerengera mokweza, iwo ataima, manja ali kumbuyo. Anati zikomo, napinda kalatayo.

Patapita zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, mvula inavuta zaka ziwiri zotsatizana. M'mawa wina kunabwera mayi wina pa ofesi panga, fumbi lili m'miyendo. Anali mwana wa Bambo Sindigula. Anandiuza kuti bambo ake anamwalira, kuti kwawo konse anthu anasiya zamakolo, ndipo kapirira sakupezekanso ngakhale kwa munthu mmodzi. "Bambo akudwala anandiuza kuti nthanga zathu zili kwa mayi wa mabotolo," anatero. "Ndabwera kudzatenga."

Ndinamulandira ndi chimwemwe. Ndinati tsiku lija lafika loti anthu aone phindu la ntchito yanga. Ndinamuuza kuti abwerenso pakatha masabata awiri, tiyambe taziyesa monga mwa lamulo. Ndinatsegula botolo 412. Nthanga zinali zoyera, zonenepa, ngati zathiridwamo dzulo. Ndinaika makumi asanu papepala lonyowa. Masiku khumi anatha, palibe inamera. Ndinaika zina makumi asanu. Palibe. Ndinakhuthula botolo lonse, zina papepala, zina m'dothi, ndikuthirira ndekha m'mawa uliwonse, ndikugwada pansi kuyang'ana ngati pali kamene kasuzumira. Zonse zinali zitafa kalekale, ine ndikupukuta bokosi lake la maliro.

Mayi uja anabwera tsiku limene tinagwirizana. Ndinamuona pawindo akulowa pageti. Ndinauza mesenjala kuti akanene kuti ndili kumsonkhano. Anabweranso kachiwiri, ndinali kumsonkhano. Kachitatu, kumsonkhano. Ulendo wachinayi sanafunse n'komwe za ine. Anangouza mesenjala kuti, "Muwauze kuti ndamva." Sanabwerenso.

Nditayesa mabotolo enawo mwakachetechete, amoyo sanakwane mazana awiri. Mu lipoti la chaka chimenecho ndinalemba kuti mbewu zonse zili pamalo otetezeka. Sindinaname, zinalidi pamalo otetezeka. Ndi mmene zamoyo zimathera, abale anga. Sizitha ndi phokoso ayi. Zimatha anthu abwinobwino ali otanganidwa, mapepala ali m'malo mwake, aliyense akunena kuti chaka chamawa.

Chaka chatha ndinamva kuti Mayi Tsache akudwala, ndinapita kukawazonda. Ankakhala m'kanyumba ka lendi, zipinda ziwiri. Ndinazungulira kuseri kukasamba m'manja, ndipo pakati pa khoma la bafa ndi mpanda ndinaona mtsitsi wa dzungu utayanga. Pansi pa masamba panali kadzungu kotuwa, ka khosi lopindika. Ndinakhala pansi pomwepo, pa dothi, ndi diresi langa la kutchalitchi.

Nditalowa m'nyumba ndinati, "Mayi, chija n'chiyani kuseriku?"

Anaseka mpaka kutsokomola. "Madamu, munandilanda zimene munaona. Za dzulo lake zinali kale kunyumba."

Zaka makumi anayi, mayi amene ndinamutcha wakuba ankadzala dzungu limenelo chaka ndi chaka. Anasamuka nyumba katatu, nthanga zili pamfundo ya nsalu. Anandiuza kuti zaka zaposachedwapa linayamba kuvuta. Thengo limene linali kuseri kwawo linasanduka nyumba zokhazokha, njuchi zinaleka kubwera, maluwa ankangoyoyoka. Ndiye iwo ankadzuka m'mawa ndi nthenga ya nkhuku, kutenga ufa wa duwa lalimuna n'kukapaka pa lalikazi, limodzilimodzi. "Ndakalamba ndikugwira ganyu ya njuchi," anatero, "koma manja ayamba kunjenjemera. Chaka chino abereka awiri okha."

Mayi Tsache anatisiya miyezi inayi yapitayo. Sabata yomaliza anandiitanitsa, nandipatsa kaphukusi aka. Atolankhani, jambulani, ichi ndiye chojambula, osati ine. Mukuona pepala limene anakulungiramo? Lachita chikasu, koma siginecha ili m'munsiyi ndi yanga. Ndi kalata ija. Nditawafunsa chifukwa chake anasankha imeneyi, anati, "Pepala la ku ofesi ndi lolimba, madamu. Sililowa chinyezi."

Muli nthanga makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri. Ndawerenga kambirimbiri, sizikuchuluka. Mwina kwina kwake kuli kapirira wina, ine sindikudziwa, ndafunsa ndatopa. Ndikuona a Mkulu wa malo ano maso ali pa kaphukusika, ndipo ndikudziwa chimene mukuganiza, bwana, pakuti inenso ndikanaganiza chomwecho: botolo latsopano, nambala yatsopano, firiji yatsopano. Pepani. Si zanga, ndipo si zanu. Tinabwereka.

Mwezi wathawu ndinafufuza mpaka ndinapeza kumene mwana wa Bambo Sindigula akukhala. Ndinamutumizira uthenga kuti abwere lero, osamuuza chifukwa. Sindinkadziwa ngati abwera. Ndamuona pamene ndimakhala pansi, ali kumbuyo uko, kudzuwa, wafunda mpango wobiriwira. Mayi, chonde bwerani kutsogolo kuno. Apatseni njira. Musafulumire, ine ndinakudikiritsani zaka makumi awiri ndi ziwiri, awa angathe kudikira mphindi ziwiri.

Mayi, masiku anayi aja sindinali kumsonkhano. Ndinali kuseri kwa chitseko, ndikukumvani mukupuma. Nthanga za bambo anu ndinazipha ndine, ndipo ndinachita manyazi kukuuzani. Munabwerera kwanu chimanjamanja chaka cha njala, ine ndili ndi mpando ndi fani. Ndilibe chonena chodzitetezera. Ndikupepesa pamaso pa anthu onsewa. Bambo anu anandipatsa zodzaza manja awiri, ine ndikubweza zosadzaza ndi dzanja limodzi lomwe, ndiponso wozisunga sindine. Landirani.

Mwati bwanji, mayi? Yankhulani pafupi ndi khutu ili, linalo linatseka.

Akuti zisanu ndi ziwiri zitsale kuno. A Mkulu, mwamva nokha, ndipo mboni ndi anthu onsewa. Akuti akukubwerekani, sanakupatseni. Ine ndiwonjezerepo pempho limodzi lokha. Mvula yoyamba ikagwa, nthangazi zilowe m'nthaka, osati m'firiji. Ndipo kathengo kali kuseri kwa nyumbayi, kamene ndamva kuti mukufuna kukalambula kuti pakhale poimika magalimoto, kasiyeni. Ndadutsako m'mawa uno, ndamva njuchi. Magalimoto angathe kuima padzuwa, alimi aimapo chiyambire m'mawa.

Nyumba yachinayi ine sindidzaiona, ndipo ndikupempha kuti pasadzafunikenso ina. Mundipatse sizasi ija. Mayi, musabwerere kumbuyo, gwirani kuno, riboniyi sindingaidule ndekha.

Tsono m'dzina la mlimi amene anatibwereka, ndi m'dzina la mayi wosesa amene anatisungira, ine pamodzi ndi mwini nthangayu tikulengeza kuti nyumba yosungiramo mbewuyi yatsegulidwa. Zitseko zake zizitsegukira kumunda.

Zikomo kwambiri.